Vinyo wa munda wa kumtunda

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumene muliko?

Kuno ku Wigston tili bwino, kungoti chisanu chayambanso ndipo mawondo anga akuulula zaka zanga. Ntchito ya kuchipatala ikadali yomwe ija. Limbani wanu ku Corby wadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Mphuno watengera inu ndendende, ndipo akayamba kulira safuna womuyankha, ngati munthu wina amene sindimutchula dzina. Kumudzi akuti mtedza wachita bwino, koma denga la khitchini yanu layamba kudontha.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya mdzukulu wanu Mayamiko. Munatisiya akunyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu ku Corby, nkhope ili ndwii tsiku ndi tsiku. Nditabwerako ku maliro anu anaisiya ntchitoyo, n'kukalowa ganyu pamunda wa mphesa kunja kwa Leicester, kwa mayi wina wachizungu wamasiye. Ine zinandiwawa. Ndinati ife tinakwera ndege kuthawa khasu, iwe ukulitsata mpaka ku Mangalande? Mphesa zakenso n'zopangira vinyo! Mukanakhalapo mukanandiseka, inu amene munatiphunzitsa sukulu ndi mowa wa masese.

Munda wa mayiyo uli pawiri. Wa kumunsi ndi wamakande, umasunga madzi, ndipo mphesa zake zimanenepa koma n'zamadzimadzi. Wa kumtunda ndi waung'ono, wamiyala, woyang'ana kumene dzuwa limadutsa masana. Vinyo wofiira kuno amavuta, chifukwa dzuwa n'laumbombo ndipo mphesa sizipsa mpaka mkati. Koma chaka chatha kunatentha mpaka udzu wa m'mapaki unauma ngati wa kwathu. Mayiyo anamupatsa Mayamiko munda wa kumtunda kuti apange vinyo wa munda umenewo wokha, wosasakaniza ndi mphesa ya kwina kulikonse. Akakoma, ntchito ikhala yake mpaka kalekale. Akapanda kukoma, abwerera ku makatoni aja.

Nditapita kukamuona m'chilimwe ndinamupeza akudula maphava osapsa n'kumataya pansi. Ndinayamba kutola, mtima ukundipweteka. Iye anaseka, akuti mpesa ukasenza zambiri kukoma kumagawikana. Ndinazindikira kuti n'kupatulira komwe kuja. Paja munkati chimanga chothinana chimabereka mapesi okhaokha.

Nthawi yokolola ndinapempha tchuthi kuti ndikathandize. Mayamiko anandiuza za makireti, sindikana, koma anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga chija, ine maganizo ali pa mpeni. Chakumadzulo ndinaona makireti ena a kumtunda ali theka, ena a kumunsi alinso theka, thirakitala ikudikira. Amayi, munandilera ndinu, ndipo munkati dengu silichoka kumunda losadzaza. Ndinatsanulira za kumunsi m'makireti a kumtunda, n'kusalaza pamwamba bwinobwino, ndikudzitama kuti azunguwa aphunzireko kugwira ntchito.

Mayamiko atafika anayang'ana makireti, n'kundiyang'ana ine.

"Mami, mwamikisa?"

"Mphesa ndi mphesa, mwanawe. Zonsezi si zakuda?"

Sanandikalipire. Anangokhala pansi, chipewa chili m'manja. Mwini munda sanaone kanthu, ndiye ndinamunong'oneza kuti tingokhala chete, ndani angadziwe? Iye anapukusa mutu. Akuti botolo likalembedwa kuti munda wa kumtunda, m'kati mwake muzikhala munda wa kumtunda basi. Makireti onse amene ndinawakhudza anawapititsa ku vinyo wamba. Ankayembekezera migolo iwiri, koma anatsala ndi umodzi, ndipo mgolo umodzi ukasasa palibenso kothawira.

M'galimoto pobwerera ndinkakumbukira tsiku lija munabweza mayi aang'ono pakhomo ndi chimera chawo chogula kumsika, mukuti mowa wanu umadziwa munda wake. Mwanayu Chichewa amachithyola, kumudzi anangofikako ali wamng'ono, koma makani amenewa sanawatole ku Leicester ayi.

Mphesa zotsalazo Mayamiko anaziphwanya n'kuzisiya ziwire pamodzi ndi makoko ake, poti kufiira kwa vinyo kumachokera m'makokomo. M'mawa ndi madzulo ankakankhira makokowo pansi ndi chimthiko chachikulu, mikono ili psuu. Zitasiya kuwira anafinya, n'kutsanulira mumgolo wamatabwa, n'kuusiya m'chipinda chozizira chaka chathunthu. Ndikamufunsa kuti zikuyenda bwanji ankangoti akugona, tisamudzutse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kunandikana. Ine wa kwaya ya amayi, chaka chonse ndakhala ndikupempherera mgolo wa vinyo, ndipo anzanga akafunsa chopempherera ndinkangoti nkhani ya m'banja.

Sabata yatha anautsegula, ndipo anandiitana kuti ndikhalepo. Mwini munda anazunguza tambula, ananunkhiza nthawi yaitali, n'kulawa. Ine ndinkaona kale mwana wanga atavalanso chijekete cha ku makatoni chifukwa cha ine. Kenaka mayiyo anatambasula dzanja kuti amuwonjezere.

Nanenso anandipatsa, ndipo ndinangonyowetsa lilime. Musayembekezere zotsekemera. Amayamba ngati nthudza zakupsa bwino, kenaka amamata pang'ono m'kamwa, ndipo ukameza kafungo kake kamatsalira, ka dothi limene langolandira mvula yoyamba. Sindidziwa za vinyo, koma ndinadziwa kuti uyu ali ndi kwawo.

Ntchito ndi yake tsopano, Amayi. Ndinalira pamaso pa mzunguyo osachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikamuganizira mwanayu mtima wanga umakhala m'malo. Pokolola chaka chino wandikweza udindo. Ndine wamkulu woona za tiyi ndi mandasi, ndipo malo anga ogwirira ntchito ali kutali ndithu ndi makireti.

Wandipatsa botolo limodzi kuti ndisunge. Akuti vinyoyu akadali mwana, amafuna kugona chammbali pamdima mpaka akhwime, choncho ndalibisa kumene bambo ake a Mayamiko sangafike. Chaka chamawa tikubwera kudzamanga chiliza chanu, zimenezi ndalonjeza ndipo sindisintha. Mayamiko wati botololo anyamula yekha ndipo adzatsegula yekha pamanda panu. Nditamufunsa chifukwa chake, anayankha m'Chichewa chake chotsimphina chija kuti vinyo wake sangatuluke kupita kwa anthu asanalawe wofulula mnzake.

Pumani bwino, Amayi. Ndimakukondani lero monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati