Kadi ya Mtima wa Ada

Kande,
Lachiwiri.

Amayi,

Kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ine kuno sabata yathunthu yatha tulo ndikungotiona mwa apo ndi apo, ndipo chondisowetsa tulocho ndi Baibulo lanu lija. Ndifikako. Ndiloleni ndiyambe ndi za pakhomo monga munkafunira munthu akachokera ku ulendo. Ndalemba m'Chichewa chanu cha ku Nkhotakota, poti Chitonga munakhala nacho zaka makumi atatu koma chinakukanani mpaka tsiku lomaliza.

Mereya, mng'ono wanga, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, tamutcha Linesi, dzina lanu. Ali ndi makutu anu, ndipo akakwiya amalira osatulutsa misozi. Chinangwa cha m'munda wa kumtunda chagwidwa ndi tizilombo toyera ngati ufa, masamba akungopiringizika, ukazula umapeza mizu yokhayokha. Si ife tokha, mudzi wonse. Cha kudambo chilipo pang'ono, ndaviika dzana. Mbuzi yanu yakuda inaswa awiri, mmodzi anafa. Denga la kuchipinda kwanu likudonthabe pamalo omwe aja. Ine ndikuphunzitsabe sitandade faifi.

Tsopano za Ada, amuna anu. Nkhani yake mukuidziwa kuposa ine, koma ndiyenera kuiyala yonse kuti muone pamene ndinalakwira.

Mukukumbuka kuti Ada atagwa m'khitchini mwa azungu awo ku Joni, madokotala anapeza kuti mtima wawo ukugunda mochedwa kwambiri. Anawang'amba pansi pa phewa lakumanja n'kuikamo kamakina konga bokosi la machesi, kokhala ndi batire, ndi waya wodutsa mumtsempha kukafika kumtima, kuti kaziukumbutsa nthawi yogunda. Ada amakatcha wotchi yawo. Anawapatsanso kadi yolembedwa mtundu wa kamakinako, nambala yake ndi dzina la chipatala. Anawauza zinthu zitatu: asamatsamire injini ya boti ikamalira, aziwerenga kugunda kwa mtima m'mawa uliwonse, ndipo kukayamba kutsika adziwe kuti batire ikutha, abwerere ndi kadiyo akasinthe.

Kuwerengako munatenga ndinu. Zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa uliwonse pakhonde, zala zanu ziwiri padzanja lawo, maso pa wotchi yapamkono. 72, tsiku ndi tsiku 72. Mukamaliza munkakankha dzanjalo n'kuti, "Mukadali moyo, kasambeni."

Koma Ada pakamwa. Posamba kunyanja ankaitana amuna anzawo kuti agwire chotupacho. Posakhalitsa mbiri inamveka kuti mkulu wochokera ku Joni uja ali ndi wayilesi m'chifuwa, amalankhula ndi oukira boma ali kunja. Kenaka tsiku lija pamsika pa Chintheche, anyamata a chipani atawafunsa kadi, iwo anapisa m'thumba n'kutulutsa ya mtima, yodzaza manambala ndi chilankhulo chachilendo. Anawakhazika padzuwa mpaka abusa anabwera kudzawaombola. Atafika kunyumba munawalanda kadiyo.

"Kuyambira lero m'thumba mwanu muzikhala kadi imodzi, ya chipani. Ya mtimayi ndisunga ine."

"Uika kuti, Nyaphiri?"

"Mukadziwa inu, mawa Kande yense adziwa. Ine ndikasunga chinthu, ndasunga."

Sabata yomweyo munasokera Baibulo lanu chikuto chatsopano cha nsalu yabuluu. Ndinali patchuthi kuchokera ku sekondale, ulusi ndinakulowetserani m'singano ndine. Ndinaona mukudula pepala la pulasitiki la shuga. Sindinafunse, inunso simunanene.

Amayi, apa ndiye poyambira tchimo langa. Tsiku la maliro anu, amayi a mpingo atatha kukuvekani zoyera, Mereya anatenga Baibulolo pamutu pa bedi n'kulifungatira. Anati munamulonjeza. Mwina munamulonjezadi, sindikudziwa. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti miyezi inayi ndinakutembenuzani, ndinakusambitsani, ndinachapa nsalu zanu, pamene iye anafika kutatsala masiku awiri. Ndinamutsomphola pamaso pa anthu n'kunena mokweza, "Lipita ndi mwini wake!" Amayi ena anavomereza kuti ndi bwino, mkhristu apite ndi buku lake. Ananditama, Amayi.

Pamene ndinkaliika pachifuwa panu ndi kupinda manja anu pamwamba pake, chala changa chinagunda kanthu kolimba m'kati mwa chikuto chakumbuyo. Ndinakamva. Sindinganame kuti sindinakamve. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi chiyani. Koma kuti ndikatulutse ndikanayenera kulichotsa m'bokosi, kusomola ulusi anthu akuonerera, ndipo Mereya akanatambasulanso dzanja. Ndinadziuza kuti mwina ndi chithunzi, mwina ndi kadi yanu ya ubatizo. Anakhoma misomali ine ndili chiimire.

Munkakonda kundiuza kuti, "Esnati, ukakwiya yamba wamwa madzi." Mtsuko unali pakhomo pomwepo.

Kuwerenga ndinatenga ine. Miyezi iwiri yoyamba inali 72, ndipo ndinayamba kuganiza kuti Mulungu wandikhululukira mwakachetechete. Mvula itayamba ndinapeza 69. Ndinati ndalakwitsa, ndinabwerezanso katatu. Kenaka 66. Ada anayamba kupuma kawiri pokwera kuchokera kunyanja, mapazi akutupa. Lamulungu lina ali chilili m'tchalitchi pa nyimbo yachiwiri anangoti khu! pansi, mutu kugunda benchi. Anthu anayamba kale kulira. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kufunsa kuti chipewa chawo chili kuti.

Kuchipatala cha kuno anatilembera kalata yopita ku Blantyre. Tinakwera sitima yapanyanja, kenaka basi. Dokotala wa kumeneko, munthu wamtali wolankhula pang'onopang'ono, anawajambula pachifuwa n'kutionetsa kamakinako pachithunzi, kakuwala ngati ndalama, waya wake utapindika. Anati batire ikutha, ndipo ikatheratu mtima wa Ada paokha sungawanyamule. M'dziko muno sasintha. Odwala otere amatumizidwa ku Joni, koma dokotalayo ayenera kuyamba walembera chipatala chimene chinaika, ndi nambala yake, kuti akonzeretu kena kolumikizana ndi waya uli m'katiwo.

"Bambo, chipatala chake chinali chiti?"

"Chachikulu, chanjerwa."

"Dzina lake?"

"Adokotala, ndinalowamo ndili wakufa, ndinatulukamo nditagona kumbuyo kwa galimoto ya dona. Ndikanawerenga nthawi yanji?"

Dokotala anaseka pang'ono, koma anasiya kuseka Ada atawonjeza kuti ku Joni sankadziwika ndi dzina lawo. Anapita ndi chiphaso cha munthu wina, monga ankachitira amuna ambiri a kuno, ndipo kuchipatalako sakudziwa kuti dona analembetsa dzina liti. Dokotala anati tibwere ndi kadi mwezi uno usanathe, pamene akutumiza maina a odwala. Popanda kadi adzayesabe kufufuza ndi makalata, chipatala ndi chipatala, koma zimenezo ndi za miyezi. Anandiitanira pakhomo pandekha n'kundiuza kuti, "Mayi, miyezi imeneyo batire ija ilibe."

Ndinalembera dona uja pa adiresi ya pa kalata yakale. Kalata yanga inabwerera yosatsegula.

Titabwerako ku Blantyre tinasanthula nyumba yonse. Tinang'amba matiresi anu, tinatsitsa madengu a kudenga, tinakhuthula ngakhale chitini cha mabatani. Ndikuti tinasanthula chifukwa inenso ndinali nawo, ndikutukula mphasa, ndikugwedeza nsalu, ndikudziwa. Kenaka Ada anakumbukira kuti sutikesi yanu anatenga ndi Mereya. Anamuitanitsa, anabwera ndi khanda kumsana. Anamufunsa ngati wakuba. "Mapepala a amako unayatsira moto? Nena, ndife ndikudziwa amene wandipha." Mereya anagwada, akulira, akulumbira. Anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana pansi. Mwa zonse ndachita, Amayi, chimenechi ndicho ndikuchita nacho manyazi kwambiri kukuuzani.

Lamulungu lapitali kunali mgonero. Mbale itafika pa ine ndinaipatsira mnzanga osatenga. Titaweruka ndinapeza Ada pansi pa mango akusoka ukonde wa eni, poti ndiyo ntchito yokhayo akutha tsopano. Ndinagwada n'kunena zonse, kuyambira singano mpaka misomali. Ndinkayembekeza kuti andimenya ndi chosokera, ndipo ndikanakondwa.

Anapitiriza kusoka. Kenaka anaseka, kuseka kopanda mpweya.

"Ndiye kuti amako atsogola ndi tikiti yanga."

"Ada, musatero."

"Anandiuza, akasunga chinthu wasunga. Pita ukapepese mng'ono wako. Inenso ndipita ndikapeza mphamvu."

Kwa Mereya ndinapita tsiku lomwelo. Sanandilalatire. Anangondipatsa mwana kuti ndinyamule, iye n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka ndinachoka.

Dzulo ndinapita kwa a Manda, mkulu wa mpingo, n'kuwafunsa chinthu chimene pakamwa panga panavuta kutchula: ngati manda angatsegulidwe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati chibadwire sanaonepo zotere kuno, kuti pangafunike amfumu, abusa, ndi mawu kwa abale anu ku Nkhotakota, ndi kuti anthu adzatinena zaufiti mpaka adzukulu athu. Koma sanati n'zosatheka. Anati moyo wa munthu ndi waukulu, ndipo ngati mwamuna wa malemu avomera, iwo akalankhula ndi enawo. Miyezi isanu yokha yapita. Kadiyo munaikulunga m'pulasitiki. Ndikhulupirira kuti zilembo zikadalipo.

Ada akana. Ndinawachonderera mpaka mawu anandithera.

"Esnati, zaka makumi awiri ndi chimodzi ndinamusiya mkazi ameneyu kudziko la eni, wosadziwa n'chilankhulo chomwe, m'nyumba yodontha. Nyumba yokhayo yosadontha imene ndamupatsa ndi imene aliyo. Ndiye ndikamugumulire denga kuti ine ndidye kondowole zaka zina zisanu?"

"Iwowo akanavomera, Ada. Ankakuwerengani m'mawa uliwonse kuti mukhale moyo."

"Akanavomera, akanavomera. Wamufunsa? Akanena yekha, kumbani. Apo ayi, musamukhudze."

Ndicho chifukwa chake ndalemba. Ndikudziwa zimene timaphunzitsidwa, kuti akufa akupuma ndipo mkhristu safunsira kwa iwo. Ine ndemwe ndimaphunzitsa ana zimenezi m'kalasi ya ubatizo. Ndapemphera kuti Mulungu andikhululukire kalata ino pamodzi ndi zinazo. Koma Ada amakhulupirira maloto, ndipo palibe wina amene angamumvere koma inu. Bwerani kwa iwo, kapena kwa Mereya, ngakhale kwa ine ngati mungathe kundiyang'ana. Simuyenera kunena zambiri. Mawu amodzi okha.

Ndipo ndiulule chomaliza, chimene sindinachite koma chili kale mumtima. Mukapanda kubwera, ndikudziwa chimene ndidzachite. Ndidzadzuka m'mawa, ndidzagwira dzanja la Ada, ndipo ndidzawauza kuti ndakulotani mutavala zoyera mukunditambasulira Baibulo. Mawu ake ndakonza kale. Adzandikhulupirira, chifukwa mwana amene anaulula yekha tchimo lake Lamulungu sangayembekezeke kunama Lachisanu. Ndidzakhala nditaika bodza pakamwa panu, inu amene simunanamepo ngakhale kwa anyamata a chipani, munangokhala chete. Ndikuopa kwambiri, Amayi. Musandisiye ndichite zimenezi.

Sitima yopita kumwera idutsa Lolemba. Tikaiphonya, mwezi watha. A Manda ati akufunika masiku awiri kuti aone anthu ndi kupeza okumba, choncho yankho lanu lifike pofika Lachisanu m'mawa. Kalatayi ndiika pansi pa mwala wa kumutu kwanu ndikaweruka kusukulu.

Ndikulonjeza kuti sindidzalola mwamuna aliyense kukukhudzani. Ndidzatsika ndekha ndi Mereya. Ndidzasomola mbali imodzi yokha ya chikuto, ndidzasokanso ndi ulusi wabuluu monga munasokera, ndipo amene adzalibwezere m'manja mwanu ndi Mereya, osati ine.

Lero m'mawa ndawerenga kawiri. 58. Ndinakankha dzanja lawo monga munkachitira, koma mawu anu aja anandikanika kutuluka. Anawanena ndi iwo: "Ndikadali moyo, ndikasambe."

Ndimakukondani, Amayi. Yankhani msanga.

Ndine mwana wanu,
Esnati