Estele Sanakwere Basi ya ku Joni

Chitakale,
Mulanje.

Okondedwa achimwene a Americo,

Choyamba ndifunse moyo wanu, wa alamu anga ndi wa ana kumeneko ku Joni. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo ndithu, Mulungu akutisunga. Mvula yayamba bwino, chimanga chamera, ndipo makina anga osokera akulirabe pakhonde pomwe paja.

Kalatayi akupatsani ndi a Hopeson, adalaivala amene munawatuma kudzatenga mwana wanga Estele. Musavutike kusuzumira m'basimo, mwanayo mulibe. Musawakalipirenso a Hopeson, wamuletsa kukwera ndine. Ndalemba papepala dala, chifukwa pafoni mumandidula pakamwa. Ndiye khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Mawu anu tinawamva bwinobwino. Munati Estele abwere adzakuthandizeni mushopu, asiye kuseweretsa sukulu imene munamuphunzitsa. Munati akakana, laputopu munamugulira ija ibwerere, inu mwasamba m'manja, asadzakutchuleninso atsibweni. Achimwene, chimwalirireni bambo ake, mwanayu alibe bambo wina koma inu. Mawu amenewo anamulasa, nanenso anandilasa.

Komatu poyamba ndinali mbali yanu. Msuweni wake Sharon, yemwe anakuimbirani inu uja, anandiuzanso ine kuti pulogalamu ya pakompyuta imene Estele anapanga ikugwira ntchito ku Milange, kutsidya kwa malire, m'manja mwa munthu wina. Ndinapsa mtima koopsa. Mukudziwa chimene chinamuyambitsa ntchitoyi, namondwe uja amene madzi anatsika m'phiri anthu asakudziwa. Pulogalamuyo imachenjeza anthu pafoni mtsinje ukayamba kukwera, ngakhale pa kafoni kamabatani, ndipo imalankhula m'Chichewa ndi m'Chilomwe kuti osadziwa kuwerenga amve. Ndamuona mwanayu akuiwala kudya chifukwa cha chinthu chimenechi. Ndiye wina angotola ngati bango lakugwa lokha m'njira?

Nditamufunsa Estele, anandiyankha mosatekeseka kuti palibe waba, anaiika yekha pa intaneti kuti aliyense atenge. Sindinamulole kumaliza. Ndinamuuza kuti sukulu yamuzunguza mutu, ndipo ngati iye ali ndi manyazi ine ndilibe. Sharon anandipatsa dzina la munthuyo, Isake. Amagwira ntchito pa kawailesi kena ku Milange, ndipo tsiku la msika amaperekeza mkazi wake ku Limbuli kudzagulitsa nyemba.

Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndi kukwera minibasi. Pakamwa panga mumapadziwa. Nditamupeza Isakeyo pamsika wa Limbuli sindinapereke ngakhale moni, ndinangoyamba kuti iwe ndiwe wakuba, ukudya thukuta la mwana wamasiye. Anthu anasiya malonda kubwera kudzaonerera. Bamboyo, wachikulire ndithu wa imvi m'mbali, atamva kuti ndine mayi wa Estele anaimirira, kuvula chipewa, kundipatsa moni wa Chilomwe ngati wa kwathu kwenikweni, ndi kuuza mkazi wake kuti andipatse mpando. Achimwene, manyazi ake! Ndinakhala pampandopo.

Anatsegula foni yake ndi kundionetsa pamene pamalembedwa onse amene anagwirapo ntchitoyo. Dzina la Estele linalipo, lathunthu, lokhala pamwamba pa lake. Pamwamba pa Estele panalinso mayina ena a ku India ndi ku Brazil, ovuta pa lilime. Anandifotokozera kuti nayenso Estele anaipeza itayambidwa kale ndi anthu amenewo, opangira mitsinje ya kwawo, iye n'kuisintha kuti igwirizane ndi kuno. A Isake anangowonjezera Chipwitikizi. Powonjezerapo anatulukira vuto lakuti uthenga unkaduka pakati kwa anthu a m'malire, foni ikamagwira netiweki ya uku ndi uku. Anakonza, n'kumutumizira Estele, ndipo tsopano abale athu a ku Muloza amaumva wonse.

Akuti mapulogalamu a mtundu uwu amatchedwa otseguka. Ukhoza kutenga, kuona m'kati mwake, kusintha ndi kugawira ena. Chimene chilolezo cha pulogalamuyi chimakana ndi kufufuta mayina a anzako, kapena kuitseka kuti obwera pambuyo pako asaone. Pomaliza a Isake anandiuza mofatsa kuti, "Mama, ndikanakhala wakuba ndikanayamba ndi kuchotsa dzina lake. Ana anga amagona pafupi ndi mtsinje womwewo, kungoti tsidya linalo." Ndinapepesa pamaso pa anthu onse aja. Mkazi wake anandipatsa nyemba m'jumbo, ndinalephera kukana.

Mu minibasi pobwerera ndinkangoganiza za malemu bambo athu. Mukukumbuka mmene anaphunzirira utelala titangothawa nkhondo? Panalibe wowaphunzitsa. Ankagula malaya a kaunjika, kuwaphwasula msoko ndi msoko, kuyala zidutswazo pa pepala la simenti, kujambula, kenako n'kuwalumikizanso. Inu ndi amene munkawagwirira pepalalo kuti lisauluke. Malaya amenewo akanakhala omata osaphwasulika, ife tikanadya chiyani?

Nanga msoko wawo mwauiwala? Ankasiya nsalu yochuluka m'kati, kuti mwana akakula telala wina aliyense athe kumasula ndi kukulitsa. Anzawo pakhonde ankawaseka, ati mukudziphera nokha msika, dulani mothina kuti azibweranso. Iwo ankangoponda makina. Mpaka lero pamabwera yunifolomu yakale yoti ndikulitse, ndikatembenuza n'kuona msoko ndimadziwa kuti ili ndi dzanja la bambo. Inenso ndimasoka chimodzimodzi, ndipo sindinadzionepo ngati chitsiru.

Nditafika kunyumba ndinamuitana Estele kuti tsopano alankhule, ine nditseke pakamwa. Anati mapulogalamu ambiri ogula ali ngati chovala chosaphwasulika. Chikakuthina umadikira mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali kutali, sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Chilomwe. Anati akanaitseka yakeyo, vuto la m'malire lija likanadziwika tsiku la madzi, anthu atalandira theka la chenjezo.

Ndinamufunsanso funso lanu lija, lakuti nanga adzadya chiyani. Anaseka pang'ono, n'kundifunsa ngati pali munthu amene anandilipirapo chifukwa chodziwa kuti diresi ili ndi manja awiri. Anthu amalipira woyeza, wodula ndi wokonza pakang'ambika. Pali bungwe lina pa boma pano limene lamuitana kuti aiike pulogalamuyo m'midzi ya m'munsi mwa phiri ndi kuphunzitsa anthu kagwiritsidwe kake. Sindikunamizani, chimene apezepo n'chochepa, sichingafanane ndi cha mushopu mwanu. Mwina kunena za m'mimba inu mukulondola, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwanayu sanaberedwe, ndipo sukulu yanu sinapite pachabe.

N'chifukwa chake ndinawauza a Hopeson kuti mpando wa Estele m'basimo agulitse kwa wina. Chiwolokereni malire muja mutandibereka kumsana, sindinakukanirenipo kanthu. Lero ndakana. Ngati pali woti mumukwiyire, mukwiyire ine mlongo wanu.

Za laputopu, ine ndinati ikhale kaye mpaka muyankhe. Estele anakana. Anaipukuta bwinobwino, kuikulunga m'chitenje changa chatsopano, n'kukaipereka yekha kwa a Hopeson pasiteji dzulo, poti basi yawo inyamuka mawa. Anati ndi ya atsibweni, ndipo aitanitsa. Ntchito yake akuti siili m'menemo mokha, ili kwa a Isake, ili kwa anthu a ku India aja, ndipo akhoza kupitiriza pa kompyuta yobwereka. Anazinena zonsezi nkhope ili gwa, ine n'kumati mwanayu walimba mtima ngati inu nomwe.

Koma titabwerako sanalowe m'nyumba. Ndinakamupeza kuseri, pa mulu wa nkhuni, akulira mosatulutsa mawu. Nditamugwira paphewa anati, "Amayi, laputopu ndidzapeza ina. Nanga atsibweni ndikawapeza kuti?"

Achimwene, funso la mwanayu ndi limenelo. Yankho lake lili ndi inu. Laputopuyo mukafuna sungani, ndi yanu, sitidzaifunsanso. Koma mawu aja osamba m'manja, chonde, ndagwira mwendo wanu, abwezeni. Ngati simungathe kumuyamikira, mungomuimbira n'kumukalipira monga mwa masiku onse, iye adzadziwa kuti mukadali atsibweni ake. Nambala yake ndi yomwe ija, ndipo foni sakuisiya pansi ngakhale popita kukatunga madzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Sungani ndi ang'ono ake, ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi. Mulungu amene anatiwolotsa tili ana akusungeni ndi kukufewetsani mtima.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,

Nilza