Ndinaba Mayendedwe Anu

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga mwendo uja ukuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Mlongo wanga anandiuza pa foni kuti mwayambanso kukana mankhwala opaka, mukuti amanunkha ngati m'galaja. Pakani, Bambo. Ife kuno tili bwino. Mpongozi wanu akupereka moni, ndipo mdzukulu wanu mano awiri akutsogolo aguluka, moti akaseka timaona mpaka kummero.

Nkhani yabwino ndi yakuti andipatsa mbali yaikulu m'sewero latsopano, la mtundu uja timayimba, kuvina ndi kuyankhula pa siteji imodzi. Ndikudziwa kuti anzanu akakufunsani za ntchito yanga mumati mwana wanu amadyera miyendo, kenako mumasintha nkhani. Sindikwiya nazo. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikudumpha kumbuyo kwa anzanga. Ulendo uno ndili kutsogolo.

Koma pali chimene ndachita, ndipo ndikufuna muchimve kwa ine, osati kwa anthu ojambula ndi mafoni.

Mbali yanga ndi ya bambo wachikulire wosoka nsapato, amene ana ake onse anachoka pakhomo. Pali gule amene amavina yekhayekha m'kashopu kake. Wotiphunzitsa magule ndi mayi wina wamfupi, timamutchula kuti Mayi Ndodo chifukwa amawerenga masitepe pomenya ndodo pansi. Milungu itatu yathunthu ndinkavina pamaso pake m'chipinda chathu cha magalasi, iye n'kumangopukusa mutu. Anati ndimadumpha bwino, koma chule nayenso amadumpha. Anati sakufuna mwamuna wodziwa kuvina, akufuna wosoka nsapato amene nyimbo yamupeza modzidzimutsa. Anandifunsa kuti munthuyo akamadzuka pampando chimayamba kuwawa n'chiyani, nanga akakhumudwa manja amawaika pati. Ndiye anati likafika Lachisanu ndisanamupeze munthuyo, mbaliyo aipereka kwa mnzanga wina.

Lachitatu ndinapsa mtima. Ndinasiya gule pakati, bondo likuwawa, n'kupita kukamwa madzi pakona. Ndikubwerera, Mayi Ndodo anakweza dzanja, woyimba piyano n'kusiya. Anandifunsa kuti kuyenda kumeneko ndakutenga kuti. Nditayang'ana pagalasi, Bambo, ndinaona inu. Phewa lamanja lotsika, mwendo wamanzere ukubwera mochedwa, chibwano chili m'mwamba ngati munthu amene palibe chikumupweteka. Ndendende mmene mwakhala mukuyendera chigwereni pa makwerero paja.

Ndikanatha kunama, koma ndinamuuza kuti amenewo ndi bambo anga, mmisiri womanga nyumba. Kuyambira pamenepo ndinasanduka mbala. Ndinaba mmene mumakwezera thalauza ndi zigongono m'manja mukakhala simenti. Ndinaba kupukuta m'manja pantchafu musanapereke moni. Ndinaba ngakhale kaphazi kaja mumagwedeza pansi pa tebulo wailesi ikamayimba, mukuyesa kuti sitikuona. Tinkaona tonse, Amayi ndiye ankatitsinzinira. Gule yense tamumanga pa zimenezo. Mulibe kudumpha ngakhale kamodzi, koma ndimatuluka thukuta kuposa kale.

Tsono chovuta ndi ichi. Tsiku loyamba kuonetsa seweroli, nditangotulukira pa siteji ndikutsimphina, anthu anaseka. Holo yonse. Anaseka mwendo wanu, Bambo, womwe simulola ngakhale adokotala kuufunsa kawiri. Ndinadziona ngati mwana amene wavula kholo lake pamsika. Ndinafuna kuwongoka pomwepo n'kuyamba kuyenda ngati ine.

Sindinawongoke. Ndinakweza chibwano n'kupitiriza. Itafika nthawi yoti wosoka nsapato uja azungulire, mwendo unakana. Anayesanso, unakananso. Anapukuta m'manja pantchafu, n'kuyesa kachitatu mpaka anazungulira. M'holomo munali zii. Ndinamva mayi wina kutsogolo akumina.

Titamaliza, bambo wina woyendera ndodo anandidikira pakhomo lotulukira. Sanandiyamikire ayi. Anangondifunsa ngati mwini wake wa mwendowo ali moyo. Nditavomera, anati ndikakuuzeni kuti iye wakuonani, ndipo wakuvulirani chipewa. Anavuladi, mvula ikuwaza, n'kumapita.

Ndiye ndakuuzani. Ndinatenga osapempha, pamenepo ndinalakwa, mundikhululukire. Koma guleyo sindichita naye manyazi, ndipo sindimusiya. Munkatiuza kuti mmisiri weniweni sathawa khoma lake mwini nyumba akabwera kudzayendera. Ili ndi khoma langa, ndipo ndikudziwa kuti ndi lowongoka.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzaone Loweruka lomaliza la mwezi uno, timasewera masana. Matikiti awiri ndaika mu envulopu momwemu. Mpando wanu ndi wakumapeto kwa mzere, pomwe mwendo ungatambasuke bwino, ndipo khomo la mbali imeneyo lilibe masitepe. Ngati mwakwiya, mudzandikalipire pamaso, ndaima kale chilili. Amayi ndikudziwa adzalira, muwatengere mpango.

Komanso pali pamodzi pamene pakundikanika. Mmene mumakhalira pampando, pang'onopang'ono, osagwira kanthu, msana uli chiwongokere. Ine ndikayesa ndimangogwa ngati thumba la mchenga. Mayi Ndodo wayesa njira zonse, watopa nane. Akuti zimenezo palibe sukulu yake, adzandiphunzitse mwini wake. Ndiye mudzafike molawirira, ntchito ikukudikirani.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa mlongo wanga ndi alamu, ndi kwa amalume. Mulungu akusungeni ndi kukuyendetsani bwino panjira.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Wovina uja