Za khanda lomwe ndinalemba popempha malo a udokotala

Chilomoni, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudzi ku Nambuma? Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndili bwino pang'ono, koma chakudya sichikundilowa.

Akuluakulu a sukulu ya udokotala atiitana kumapeto kwa mwezi uno kuti akatifunse mafunso pamaso. Aliyense analemba chifukwa chake akufuna udokotala, ndipo mafunsowo adzachokera m'zimene tinalembazo. Zanga zinapita kale, sindingazisinthe.

Amayi, ine ndinalemba za khanda lanu lija linamwalira pangolo tikuthamangira kuchipatala cha mishoni, ine ndili sitandade 2. Ndikudziwa kuti mwana wotere saliridwa ndipo satchulidwa, n'chifukwa chake azimayi anakamuika okha kudambo mwakachetechete. Koma chifukwa china chofunira udokotala ine ndilibe.

Akundikonzekeretsa ndi Mayi Rozaria, eni nyumba yomwe ndikukhala, namwino wopuma pantchito. Masana amandikhazika pakhonde kuti ndiwerenge mokweza, iwo n'kumandipanikiza ndi mafunso ngati ndaba mbuzi. Ndikangofika pa nkhani ya ngolo, msana umandilemera ndi kufunda, pamalo penipeni poberekera mwana. Ndinkati ndi mantha chabe. Lolemba kamdzukulu kawo kanapita kumbuyo kwanga n'kumaseka, kakugwedeza zala. Kenako kanafunsa agogo ake chifukwa chake mwana amene ali kumsana kwangayo sanamuveke. Pakhondepo tinalipo atatu basi.

Dzulo Mayi Rozaria anandifunsa dzina la khandalo, poti akuluakuluwo akhoza kufunsa. Ndinafuna kuyankha kuti linalibe dzina. Pakamwa panga panatuluka kuti Mwaiwathu. Kwathu sindinalimvepo dzina limeneli, ndipo mawuwo anali aang'ono, osati anga. Mayi Rozaria anachita chizindikiro cha mtanda n'kunena kuti zalero zakwana.

Ndikuopa, Amayi. Ndikakakhala duu pamaso pa anthuwo, malo andiphonya, ndipo fodya yense amene abambo anagulitsa chifukwa cha sukulu yanga wapita pachabe. Ndikakatsegula pakamwa, sindikudziwa kuti akayankhe ndani.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndili ndi pempho limodzi. Ngati dzinali ndi lomwe munamusungira mumtima zaka zonsezi, musavutike kundilembera. Mungopatsira a Levison, amene akubweretserani kalatayi, chitenje chanu chakale choberekera. Ngati mwanayo akufuna kukalowa nane m'chipinda cha mafunsocho, asakalowe wosavala pamaso pa anthu.

Mundiperekere moni kwa abambo, koma kalatayi musawawerengere. Moninso kwa azakhali a ku Kabudula, achimwene a Abrahamu ndi alamu anga. Mundipempherere, tonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Benedeta