Atate Akubisa Matenda

Bwacha, Kabwe
14 Seputembala 1995

Okondedwa alongo anga a Nevers,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipatako. Zomwe ndilembe pano si zoti mwana wamkazi n'kulemba, koma amayi kulibe, ndiye ndiuze yani?

Atate sali bwino. Pokataya madzi amakhalitsa, ndipo akangotuluka amabwereranso. Pampando amakhalira mbali imodzi, dzanja lili m'chiuno. Sabata latha ku tchalitchi cha Reformed anasiya pemphero pakati n'kutuluka mothamanga, mpingo wonse uli chiweramire. Pochapa ndinapeza timadontho ta magazi pa kabudula wawo.

Ndinakafunsa a Christabel, anesi oyandikana nafe aja. Akuti amuna ali ndi kachiwalo pansi pa chikhodzodzo, kotchedwa pulositeti, ndipo nthawi zina mumamera timiyala. Mkodzo umatuluka modukizadukiza, mowotcha, ululu n'kumafika kumsana ndi m'mphechepeche. Akuti angakhalenso matenda ena, wodziwa ndi dokotala, koma tisachedwe poti njira ingatsekeke.

Vuto ndi ili. Chitsekereni mgodi, atate akhala akudikira ntchito. Tsopano kampani ina yagula mbali ya malowo ndipo ikulemba amuna ochepa, amphamvu okhaokha. Dzina la atate latengedwa, ayamba mwezi wamawa. Akuopa kuti akaonekera kuchipatala, nkhani ifika kwa mabwana.

Dzulo ndinalimba mtima, ndinagwada n'kuwauza zonse. Anandiyang'ana ngati mlendo.

“Iwe Tinenenji, wayamba liti kuwerenga maulendo anga akuchimbudzi?”

“Atate, ndinaona magazi.”

Kenako anati, “M'Kabwe muno amuna ofuna malo angawo ndi ambiri. Ukufuna ndikagone pabedi, wina akavale chisoti changa?”

Ndinati ntchito singagwiridwe ndi munthu wakufa. Sanandikalipire. Anangoti, “Zimenezi sindingakafotokoze kwa dokotala mwana wamkazi ali pambali,” n'kutuluka atagwira khoma.

Ndiye chonde, alongo anga, kwerani basi mukangowerenga kalatayi. Inu akhoza kukumverani. Lero m'mawa anjenjemera ndi kutentha thupi, tiyi sanamwe.

Moni kwa alamu ndi ana. Atate ndawauza kuti ndikukulemberani. Akupereka moni, akuti ali bwino ndithu, musavutike n'kubwera. Koma pamene ndikulemba pano ali m'chipinda chanu chija, akusesa okha, akuimaima.

Ndine mlongo wanu,
Tinenenji