Sabata imene a Alleyne anandiitana

Lolemba, 7 Malichi

A Cuthbert Alleyne andiimbira foni! Eniake, omwe ndakula ndikumvera zimbale zawo za jazi. Akujambula chimbale chatsopano Loweruka, ndiye wa tulomboni wawo wasamukira ku Toronto. "Ndiwe Hyacinth woimba ku hotela uja? Mawa ubwere ndi lipenga lako." Foni adula ine ndikadali pa chabwino bambo, chabwino bambo.

Lachiwiri, 8 Malichi

Pulakatisi m'galaja mwawo ku Belmont. Mkazi ndekha, monga mwa masiku onse. Hollis, wa ng'oma, wangondiona n'kuyamba: "Mlongo, chitsulocho n'chachitali kuposa iwe, tikugwirire?" Ndamuuza kuti ayambe waphunzira kugwira timitengo take. Onse kuseka, iyenso.

Itafika nthawi yoti ndiimbe ndekha, ndakhuthula zonse zimene ndinaloweza pa zimbale za ku America. Liwiro lake, osaphonya olo pamodzi. A Alleyne angochotsa manja pa piyano.

"Mwana wanga, zimenezo ndili nazo kale pa shelefu. Nanga iweyo uli kuti?"

Ndangolongedza lipenga langa. Mu takisi ndimangoyang'ana kuwindo kuti anthu asaone maso.

Lachitatu, 9 Malichi

Ku hotela, nyimbo za kalipso zomwe zija za alendo ofiira ndi dzuwa. Bwana akuti ndikajomba Loweruka ndisabwerenso. Mlomo watupa.

Lachinayi, 10 Malichi

Ndathawira kwa amayi ku Laventille. Lipenga ndinalisiya pakhonde, paja iwo amati ndi chitoliro cha m'mabala. Ndawapeza akuphika ndiwo zamasamba za kalalu, uku akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi kwawo kwa a Baputisti. Nyimbo yoti ndaimva moyo wanga wonse, koma lero ndiye ndaimvetsera. Mawu ochokera pansi pa chifuwa, ndipo sadumpha kuchoka pa liwu kupita pa linzake, amachita kukoka, kutsetsereka mpaka kufika. Ndendende mmene dzanja langa limayendera pa lipenga! Ine zaka zonsezi ndimalimbana n'kubisa kukokako kuti ndizimveka waukhondo.

Ndakatenga lipenga n'kuyamba kuwatsatira pansipansi. Ndimayesa andithamangitsa. Iwo osatembenuka n'komwe: "Ukuthamangira kuti? Nyimbo imeneyi tinaperekeza nayo bambo ako kumanda. Sithamanga." Ndabwerera poyamba. Andibwezanso. Kenako asiya kundibweza, tangopitiriza awiriwiri mpaka kalalu kupserera.

Pondiperekeza akuti, "Chitoliro chakocho chili ndi mawu ngati a malume ako Fitzroy." Malumewo ndi amene ankatsogolera nyimbo pa maliro onse a m'dera lathu. Amayi sayamikira munthu kuposa pamenepo.

Lachisanu, 11 Malichi

Pulakatisi yomaliza. Ndaimba zochepa, mawu ataliatali, kupuma pakati osachita mantha ndi chete. Hollis watsitsa ng'oma zake osauzidwa. A Alleyne sananene kuti zili bwino, sananenenso kuti zaipa. Angoti, "Mawa usachedwe."

Ndadzera ku hotela kukasiya ntchito n'kubweza jekete lawo la maluwamaluwa loimbira. Bwana akuti jazi sadyetsa munthu. Mwina. Nditatsika masitepe, mumsewu ndagula madzi a kokonati n'kumwa onse nditaimirira, ndikuseka ndekha ngati wopenga.

Loweruka, 12 Malichi

Ndikulemba pa nthawi yopuma, kuseri kwa situdiyo, mkate wa roti uli pamwendo.

Nyimbo yoyamba ndaiwononga, mawu anasweka pamwamba. A Alleyne akuti, "Tibwereze, palibe wafa." Ulendo wachiwiri yatuluka. Pomvetsera, wojambula mawu anavula zam'makutu n'kufunsa kuti mtsikanayu mwamutola kuti.

Kenako izi. Ndimatenthetsa milomo pakona ndi kanyimbo kena kamene kandikakamira m'mutu, a Alleyne n'kubwera kudzaima pambali panga.

"N'kandani kameneko?"

"N'kanga, bambo. Koma sikanathe."

"Kathera mommuno. Chimbale chili ndi malo a nyimbo imodzi. Uwaphunzitse anzakowa tikatha kudya, ine ndizikutsatira."

A Alleyne kunditsatira ine! Dzina la kanyimboko ndilibe, mathero ake sindikuwadziwa.

Hollis wasuzumira pakhomo, timitengo m'manja: "Bwana, tonse takhala kale. Tikudikira inu."