Munda wa Amayi Wakana Kulowa mu Kompyuta

Lusaka, 14 Ogasiti 1997

Okondedwa alongo anga a Onesmus,

Muli bwanji kumeneko ku Kakumbi? Mwendo wa amayi uja waleka kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima wanyansidwa.

Ndikudziwa kuti mukuda nkhawa ngati amayi adzalandire mbewu ya thandizo pa munda umene njovu zinawononga. Nkhaniyo yagwera pa tebulo langa, chifukwa kampani imene ndimagwirako ntchito ndiyo yapatsidwa kuwerengera kukula kwa minda yonse yowonongeka.

Ndikufotokozereni. Munda wokhotakhota amaugawa m'zidutswa za makona atatu, nkuyeza mbali zitatu za chidutswa chilichonse. Manambalawo ndinawaika mu kompyuta m'mizere itatu, ngati anthu atatu oyenda limodzi: woyamba mu mzere uliwonse ndi wa chidutswa choyamba, wachiwiri wa chachiwiri, mpaka kumapeto. Kenako ndinalemba kachigawo ka pulogalamu, timati fankishoni, kamene kamatenga manambala atatu nthawi imodzi nkubweza kukula kwa malowo.

Kamachita chonchi. Mbali zikakhala mamita 30, 40 ndi 50, kamaphatikiza nkugawa pakati, kupeza 60. Pa 60 kamachotsa mbali iliyonse, kutsala 30, 20 ndi 10. Kamachulukitsa manambala atatuwo pamodzi ndi 60 uja, nkufuna nambala imene itadzichulukitsa yokha ingapereke yankholo. Apa ndi 600.

Kanayenda bwino mpaka kanafika pa dzina la amayi, pomwepo kanaima. Ndinayesa kulakwa nkwanga, ndinakaunika tsiku lonse. Ayi ndithu. Oyeza minda analemba 20, 30 ndi 90. Alongo, malo otere kulibe padziko! Mbali ziwiri zazifupi mutaziphatikiza zikalephera kuposa yaitali, sizingakumane. Anthu aja sanaponde m'munda mwathu. Anakhala pamthunzi nkumapeka manambala, pamene amayi anagona m'kasakasa ka kumunda mwezi wathunthu akuimba zitini kuthamangitsa njovu. Ndipo si amayi okha, minda ina yambiri ya ku Malama ili chimodzimodzi.

Chandinyansa koposa ndi bwana wanga. Nditawaonetsa, anati ndiuze fankishoni kuti ikakumana ndi zotere izingolemba ziro, ntchito ithe msanga. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti ziro ndiye kuti njovu sizinadye kanthu, choncho mwini munda sadzalandira ngakhale kambewu kamodzi. Anangoseka, nkunena kuti kompyuta ilibe amake.

Ndakana. M'malo mwa ziro, fankishoni yanga tsopano imalemba kuti munda uyezedwenso. Bwana akwiya, koma avomera kudikira mpaka mwezi uno utatha. Manambala oona akapanda kufika, adzalembetsa ziro uja kwa munthu wina.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwereke tepi yosokera kwa alamu a Delia, muyeze chingwe, mupite nacho kumunda. Mukhome zikhomo m'makona, muyeze mbali zitatu za chidutswa chilichonse, munditumizire msanga. Musanapite, thyolani timabango titatu, tiwiri tatifupi kwambiri ndi kamodzi kotalika, muyese kutilumikiza pansi. Mukaona kuti takana kukumana, muwaonetsenso a ku Malama, nawo ayeze yawo.

Moni kwa amayi, amalume a Benwell, alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti kompyuta ilibedi amake, koma woilembera ali nawo.

Ndine mlongo wanu,
Millicent